Maloko ndi Makiyi Kugombe la Nyanja ya Chilwa

M'masiku amene David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa, m'mwezi wa April chaka cha 1859, naitchula dzina lakuti Shirwa, Anyanja okhala kugombe la kumadzulo, kumene mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Thondwe imatsira madzi ake m'dambo la njedza, anali nacho chuma chimene ankachisamala, ndicho nsomba zouma, mchere wotcheza m'dothi, mapira a m'nkhokwe ndi makasu a kwa osula. Koma loko wachitsulo ndi mfungulo wake sizinali m'gulu la zipangizo za m'nyumba zawo. Chitseko chinali cha bango kapena cha mapesi, ndipo mwini nyumba pochoka ankachikoka ndi chingwe chomangirira pa mpiringidzo, mtengowo n'kupingasa pa mphuthu za khomo, kotero kuti ngakhale mwana wamng'ono akadatha kutsegula. Choletsa dzanja la munthu wakuba chinali maso a mudzi, bwalo la amfumu, ndi mantha a mankhwala amene akuluakulu ankatsirika nawo munda ndi nkhokwe.

Sitikunena kuti anali masiku a mtendere. Mdani woopsa wa nthawiyo sankadzera dengu la mapira, ankadzera anthu enieniwo kuti akawagulitse kugombe la nyanja yamchere, ndipo pa mdani wotere palibe loko akadathandiza. Ambiri adapeza linga lawo m'madzi, pothawira ku chilumba cha Chisi, kufikira pamene mphamvu za mafumu ogula akapolo zidathyoledwa, monga zidachitikira Kawinga wa ku phiri la Chikala m'chaka cha 1895.

Loko adalowa m'mudzi pambuyo pa ndalama. Mishoni ya Domasi itakhazikika mu 1884, Zomba itasanduka likulu la boma la Atsamunda mu 1891, ndipo msonkho wa nyumba utayamba kufunidwa ndi masheleni, munthu adakhala ndi chuma cha mtundu wina, chimene chilibe chizindikiro cha mwini wake. Mbuzi ikabedwa mudzi wonse umaidziwa maanga ake, ndipo bwato likasowa padooko aliyense amadziwa amene adalisema. Koma sheleni ikalowa m'thumba la wina, ndani angaloze kuti ndi yake? Masitolo a Mandala ndi a amwenye adayamba kugulitsa maloko okoloweka pamodzi ndi nsalu, sopo ndi nyali, ndipo amuna amene adapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni ankabwerako atasenza bokosi lachitsulo lopaka utoto, loko ali lende patsogolo pake, kiyi ali pachingwe m'khosi. Ulendo wa Wenela wopita ku migodiyo udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, koma mabokosi aja adatsala m'nyumba zambiri, ndipo mayi womanga kiyi pansonga ya chitenje pamodzi ndi makobidi a kuchigayo ndiye adalowa ufumu wa bokosilo.

Maloko ambiri amene adafala adatsata nzeru ya Linus Yale wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1860 adakonza loko wa timisomali tosiyana msinkhu, timene timakankhidwa ndi mano a kiyi mpaka tonse titalingana pamzere umodzi, pamenepo mtima wa loko n'kutembenuka. Chinsinsi chonse cha loko wotere chili pa mano, ndipo mano amaoneka ndi maso. Chifukwa chake padabadwa mmisiri watsopano, wodula makiyi, amene poyamba analibe china koma tupa, chopanira ndi diso lakuthwa. Amene adaimapo pa benchi ya mmisiri wotere mumsika wa Zomba akudziwa mmene ntchitoyi imayendera chibwerere makina odulira makiyi. Amapana kiyi wakale mbali imodzi ya makina ndi kiyi wosadula mbali inayo, kachitsulo kolondola kamayenda m'mano a wakaleyo pamene gudumu lakuthwa likudya watsopanoyo mofanana, fumbi lachikasu la mkuwa likugwera pa thabwa. Akatha amapalapo ndi tupa kawiri katatu, napukuta ndi chala, nauza mwini wake kuti akayese, ukakana abwere nawo. Mtengo wake sunkaposa wa chakudya cha tsiku limodzi, ndipo ndi mmisiri ameneyu amene adachititsa kuti loko akhale chuma cha munthu wosauka, pakuti popanda iye kutaya kiyi kukadakhala kuthyola chitseko.

Galimoto idafika kugombeli potsata nsomba. M'zaka za madzi ambiri Chilwa yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, makamaka matemba, makumba ndi milamba, ndipo asodzi amene amagona miyezi m'zimbowera, tinyumba ta udzu tomangidwa pa njedza zoyandama, amadalira ogula amene amatsika kuchokera ku Zomba kudzera pa Matawale mpaka padooko la Kachulu. Poyamba katundu ankakwera pamutu ndi panjinga, pambuyo pake pa malole ndi timagalimoto tamatola, za mtundu wa Bedford, Land Rover, Peugeot ndi Datsun. Kiyi wa magalimoto amenewo anali chitsulo chabe. Chizolowezi choliza injini potembenuza kiyi chidafala kuyambira 1949, pamene kampani ya Chrysler idachiika m'magalimoto ake. Komabe ntchito ya kiyiyo inali kulumikiza mawaya basi, ndipo akatayika makaniko wa pansi pa mtengo ankamasula switchi, nalumikiza mawayawo ndi manja, galimoto n'kubwerera ku Zomba madzulo omwewo matemba asadanyowe. Nyanja itaphwa mu 1968, ndiponso mu 1995, malonda adaima ndipo magalimoto ambiri adakhala pamiyala. Madzi atabwerera adadzukanso, chifukwa munalibe kanthu m'kati mwake koposa nzeru za mmisiri wa pa Jali kapena pa Songani.

Kusintha kudachokera kutali, pa vuto limene silinali lathu. Khoma la Berlin litagwa mu 1989 ndipo malire a ku Ulaya atatseguka, kuba magalimoto kudakula kwambiri ku Germany, pakuti galimoto yobedwa usiku inkatha kukhala itaoloka malire kusanache. Makampani a inshulansi, amene ankalipira zotayikazo, adaumiriza opanga magalimoto kuti apeze chotchinga chimene wakuba sangachilambalale ndi mawaya awiri. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 kiyi wa chipu anali atayamba kufala, ndipo lamulo lidaukakamiza pa magalimoto onse atsopano ku Germany ndi ku Britain mu 1998, ku Australia mu 2001, ndi ku Canada mu 2007. M'mutu wapulasitiki wa kiyi wotere mumabisidwa kachipu kochepa ngati njere ya mpunga wa ku Likangala, kamene kalibe batire. Pakamwa pa switchi pamazungulira koyilo ya waya, imene imakapatsa mphamvu kudzera m'mafunde a wailesi kiyi akangolowa, ndipo kachipuko kamayankha ndi nambala yake. Kompyuta ya galimoto ikaizindikira nambalayo imalola mafuta ndi moto kufika ku injini. Ikapanda kuizindikira, mano a kiyi angakhale olondola chotani, galimoto siyenda. Chinsinsi chidachoka pa mano, pamene tupa ankafika, n'kulowa pamalo pamene diso la mmisiri silingaone.

Magalimoto otere adayamba kuchuluka kwathu kuno pamene malonda adamasuka pambuyo pa 1994 ndipo anthu wamba adayamba kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, olowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam kapena pa Mwanza kuchokera kumadooko a kumwera. Lero Toyota Sienta, Probox ndi timagalimoto tina totere ndito timanyamula anthu ndi madengu a nsomba pa msewu wa ku Kachulu. Si onse ali ndi chipu, pakuti ku Japan magalimoto ena otsika mtengo ankatuluka opanda chotchingachi. Koma ambiri ali nacho, ndipo kawirikawiri amafika m'manja mwa mwini watsopano ndi kiyi mmodzi yekha. Walira mvula walira matope. Dalaivala amene wavula nsapato kukathandiza kukoka bwato, kiyi ali m'thumba la malaya, akangowerama kamodzi ndiye kuti zatha, pakuti madzi a Chilwa ndi osaya koma ndi amatope, ndipo chogwera m'menemo sichionekanso. Ambiri adaphunzira za chipu tsiku lotere: adathamangira ku Zomba, mmisiri nadula kiyi wolowa bwino ndi wotembenuka bwino, injini nipukusa, koma osalira, kanyali kofiira kakungophethira pa dashibodi.

M'zaka zoyamba njira inali imodzi, ndiyo kupita kwa ogulitsa magalimoto atsopano ku Blantyre, ndipo pa magalimoto ena akale makiyi onse akatayika pankafunika kusintha kompyuta yeniyeniyo, pa mtengo umene wogulitsa matemba sangaupeze m'nyengo yonse ya usodzi. Ndikuona kuti apa panali kusalungama kwenikweni, ngakhale palibe adakukonza mwadala: chotchinga chimene adachipangira mbava za ku Ulaya chidadzagwira mwini galimoto wa ku Chilwa, amene chuma chake chonse chili pa matayala anayiwo, ndipo chidamulanda mmisiri amene makolo ake ankamudalira.

Koma umisiri sudafe, udangosintha zida. M'munsi mwa chiwongolero cha magalimoto a masiku ano muli kabowo ka mano 16 kolumikizirapo makina oyezera matenda a galimoto, kamene lamulo la ku America lidakakamiza kuyambira 1996 ndipo kadafalikira padziko lonse. Makina otsika mtengo opangidwa ku China atayamba kupezeka, anyamata a ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena a iwo ana a odula makiyi omwe aja, adaphunzira kulankhula ndi kompyuta ya galimoto kudzera pa kabowoko. Kiyi mmodzi akadalipo, ntchito ndi yopepuka. Mmisiri amawerenga nambala ya kachipu kakale n'kuikopera pa katsopano, galimoto n'kumayesa kuti ndi kiyi yemwe uja, kapena amalembetsa kiyi wachiwiri m'kompyuta kuti akhale ndi dzina lakelake. Ndipo mwini wanzeru amapempha kiyi wa chipu wopanda mabatani otsegulira zitseko, pakuti mabataniwo ndiwo amakweza mtengo, chikhalirecho sindiwo amaliza injini. Pulasitiki ya kiyi ikasweka, chofunika ndi chikhokho chatsopano chabe, kachipu kakale n'kusamutsiramo. Makiyi onse akatayika, pamenepo ndiye pali ntchito yaikulu, chifukwa mmisiri ayenera kudula mano poyang'ana m'kati mwa loko wa chitseko, kenaka, pa magalimoto ena, kumasula kabokosi ka chotchinga, kusungunula mtovu, kuchotsa kachipangizo kosunga nambala, kukawerenga ndi kukalembanso. Ena amapeza kuti n'chapafupi kugula kompyuta, switchi ndi kiyi zonse pamodzi kuchokera ku galimoto yophwasulidwa ya mtundu womwewo. Kusiyana kwa mtengo wa ntchito ziwirizi n'kwakukulu ndithu, ndipo popeza chakudza sichiimba ng'oma, tsiku loyenera kudulitsa kiyi wachiwiri ndi tsiku limene galimoto yafika pakhomo.

Palinso njira ina imene madalaivala amauzana pa siteji, yakuti munthu achotse kachipu m'kiyi yekhayo amene ali naye, akamatirire ndi guluu pafupi ndi koyilo ya pa switchi, kenaka adulitse makiyi achitsulo ochuluka monga afunira. Imagwira ntchito, ndipo sindingamuweruze munthu amene galimoto yake imayendetsedwa ndi anyamata awiri mosinthana pamene ndalama ya tsikulo imathera mafuta. Koma adziwe kuti wabwezera galimoto yake ku masiku a Datsun, pakuti tsopano aliyense wothyola switchi angathe kuiliza, ndipo kachipuko kakadzagwa pa mabampu a msewu wa ku Kachulu adzakhala ngati wataya makiyi onse.

Makina amene amathandiza mwini galimoto ndi omwewo angathandize wakuba, ndipo mmisiri wa masiku ano wasenza udindo umene wodula makiyi a mabokosi analibe. Wokhulupirika sayamba ntchito asadaone bulubuku ya galimoto ndi chitupa cha unzika cha amene wabwerayo, ndipo akaitanidwa kuti atsike ku nyanja ndi makina ake m'chikwama, kumene galimoto yaima pakati pa mathandala a matemba, amafunsanso a padooko ngati akumudziwa mwini wake. Kawirikawiri amamudziwa, ndi kwawo komwe, ndi amene adamugulitsa galimotoyo. Pambali pa ntchito yatsopanoyi yakale ija ikadalipo, chifukwa njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza misewu ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji zambiri zikuyenda ndi kiyi wachitsulo wopanda chipu, ndipo maloko a magolosale, a nyumba za lendi ndi a maunyolo omangira mabwato amataya makiyi awo sabata ndi sabata.