Umboni wa M'chigoba

Munthu akaima pamwamba pa phiri la Zomba nayang'ana kum'maŵa, amaona nyanja ya Chilwa ili mbee patali. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Chaka chomalizachi ndinatsikira ku Kachulu, ndipo pa matope ong'alukawo ndinatola chigoba cha nkhono chimene chili pa tebulo panga lero. Nkhono sinatole chigobachi kwina kulikonse: inachiwumba yokha ndi njereza yosungunuka m'madzi amene inali kukhalamo. Kodi tsono chigoba chingathe kutiuza za madziwo mwini wake atafa kale?

Amene anayamba kuyankha funsoli ndi Harold Urey wa ku Chicago. M'chigoba muli oksijeni wolemera ndi wopepuka, ndipo mu 1947 iye anasonyeza kuti madzi akazizira wolemerayo amachulukirapo. Mu 1951 iye ndi anzake anapima chotsalira cha kanyama ka m'nyanja yamchere kamene kanafa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, naŵerengamo nyengo zinayi za chisanu. Nzeru yofunsa zigoba inafika ndi kwathu kuno. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malaŵi, ndipo tizigoba ta m'matope akalewo tinathandiza kuulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo madzi anatsikapo mamita oposa 500.

Koma Urey yemweyo anachenjeza kuti chamoyo si kalaliki wongolemba zimene wauzidwa. Chimaikapo zakezake. Mboni yovuta koposa pa mlandu umenewu ndi korali wa pansi penipeni pa nyanja yamchere.

Korali ndi tinyama tofeŵa, tokhala pamodzi ngati mudzi, tomanga mafupa oyera a nthambinthambi onga mtengo wouma. Sitima ya Challenger, imene inazungulira dziko kuyambira 1872 mpaka 1876, inavuula ambiri a iwo kuchokera kumene dzuŵa silifika. Kumeneko kuli mdima wa ndiweyani ndi kuzizira kosasinthasintha chaka chonse. Munthu akanayesa kuti fupa la malo otere lidzanena mau amodzi kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Iyayi! Atalipima, mbali zoyandikana za fupa limodzi zinatsutsana, ngati kuti ina inakulira ku Nsanje, ina pa Mulanje.

Chifukwa chake chinatenga zaka kuti chimveke, ndipo kwa ine ndipo pagona kukoma kwa nkhaniyi. Kanyamako sikamanga fupa m'madzi a m'nyanja mwachindunji. Kamatsekera timadzi pang'ono pakati pa thupi lake ndi fupa, monga mayi avundikira mphika, kenaka kamapopera kasiyamu m'kati ndi kutulutsa asidi kunja, kufikira njereza itauma. Chotero fupa limasimba za madzi a mumphikamo, osati a m'nyanja okha. Mu 2012 Malcolm McCulloch wa ku Australia ndi anzake anapima boroni wa m'mafupaŵa, natsimikiza kuti timadzi ta m'katito tili ndi asidi wochepa kwambiri poyerekeza ndi nyanja yozungulira. Pokhapokha wopima atachotsera dzanja la kanyamako ndi pamene amamva mau a nyanja. Zaka za fupalo amaziŵerenga ndi yureniamu amene analoŵamo pomangidwa.

Lero utsi wa malasha ndi mafuta ukuloŵa m'nyanja zamchere, ndipo asidi wa madzi apamwamba wakwera ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 chiyambire mafakitale. Korali wamoyo angathe kulimbikira kupopa, ngakhale motaya mphamvu zambiri. Koma mudzi wake wakhazikika pa mafupa a makolo ake, ndipo fupa lakufa lilibe womupopera. Madzi oŵaŵawo akafika pansipo, ndi maziko amene amayamba kufumbwa, pamodzi ndi mapanga m'mene nsomba zimabisala ndi kuswana.