Keke ya Pasaka ndi Kusala kwa Lenti

Ku Ulaya Pasaka imafika chisanu chikutha, mitengo ikuphukira. M'mabanja a ku Poland, anthu akamakumbukira chikondwererochi amayamba ndi zakudya: mazira owiritsa, batala woumbidwa ngati kamwana ka nkhosa, keke yaitali yotchedwa babka ndi ina yaphanthiphanthi yotchedwa mazurek. Liwu lakuti babka litanthauzanso "agogo aakazi", ndipo kaphikidwe kake nkosiyirana m'banja. Tifunse tsono: nchifukwa ninji zakudya za Pasaka zidadzala mazira, mkaka ndi batala?

Yankho lili m'malamulo a kusala. Kum'mawa, msonkhano wa maepiskopi wa Trullo, mu 692, udaletsa mazira ndi tchizi pa Lenti. Kumadzulo, Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalongosola mu Summa Theologiae kuti pa Lenti, kusala kopambana kwina konse, Eklezia amaletsa nyama pamodzi ndi zochokera m'thupi mwake, ndiye mazira ndi mkaka. Lamuloli lidali lolemera. Ku Rouen, m'dziko la France, nsanja ina ya tchalitchi lalikulu imatchedwa Nsanja ya Batala, popeza mbiri imati idamangidwa ndi zopereka za Akhristu ololedwa kudya batala pa Lenti.

Nkhuku sizidziwa Lenti. Zinkaikirabe, mazira nkumachuluka, ndipo kusala kukamatha amayi ankawaswera mu ufa pamodzi ndi zonse zimene banja lidazimana masiku 40. Eklezia adavomereza chimwemwechi: buku la Rituale Romanum la 1614 lili ndi mapemphero odalitsira nkhosa, mazira ndi buledi. Mpaka lero Akhristu a ku Poland amapita ndi timadengu ta zakudya kutchalitchi pa Loweruka Loyera kuti wansembe akadalitse.

Malamulo adasintha. Buku la malamulo a Eklezia la 1917 lidalola mazira ndi mkaka, ndipo mu 1966 Papa Paul VI adachepetsa masiku okakamiza kusala, nkutsala Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Keke idakhalabe pathebulo, koma njala yodzifunira imene inkaikometsa idazilala. Mdzukulu angasunge muyezo wa ufa wa agogo ake osadziwa chimene adalikuyembekeza poiphika.

Kwathu kuno Pasaka imagwa mvula ikutha, njala ya Januwale ndi Febuluwale itangodutsa, dowe ndi maungu zitacha. Mabanja athu amaidziwa njala popanda lamulo la Eklezia, ndipo chigumu chophika amayi pa makala chili ndi mbiri yake. Ife ansembe, polalika za kusala, tiyambe tafunsa akuluakulu chimene ankadya ndi chimene ankasowa pa nyengoyi, kuti tidziwe zakudya zoyenera kudalitsidwa m'maparishi mwathu pa Loweruka Loyera.