UBATIZO NDIWO KUMVERA: MBIRI YA CHUMA NDI SUSI

Abale okondedwa a m'mipingo ya m'cigwa ca Shire, ndi inu aphunzitsi a m'midzi amene mugwira kalasi, mwezi uno tikulemberani mbiri m'malo mwa ulaliki. M'kalasi mwathu timaona anthu a mitima iwiri. Ena athamangira ubatizo monga munthu apita kwa sing'anga kukatemera mphini, nayesa kuti madziwo adzawasunga ku nthenda ndi ku ufiti. Ena azengereza zaka zambiri, nati, Makhalidwe anga ali abwino kale, madzi adzandionjezera ciani? Onse awiri aiwala kuti ubatizo ndiwo kumvera. Mbiri ya amuna awiri amene anayenda pa mtsinje wathu uno idzationetsa ici.

M'mwezi wa July 1861 sitima yochedwa Pioneer inakoceza pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Munali Dr. David Livingstone, ndi Bishopu Charles Mackenzie, ndi anzace a Universities' Mission. Pokwera kumapiri anakomana ndi akapolo ali m'magoli, nawamasula, nayamba misyoni pa Magomero. Mwa ana omasulidwa caka cimeneco munali mnyamata wa mtundu wa Ayao, dzina lace Chuma.

Koma misyoniyo sinakhalitse. Mu January 1862 Bishopu anatsikira ku matsiriro a Ruo. Bwato linagubuduka, mankhwala a malungo natayika m'madzi, ndipo iye anamwalira pa 31 January, naikidwa pafupi ndi Chiromo. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kumene cilala ndi njala zinapha anthu ambiri, kotero kuti mitembo inayandama pa Shire. Mbusa Henry Scudamore anamwalira pa 1 January 1863, ndi Dr. John Dickinson mu March. Manda ao ali ku Chikwawa kufikira lero. Pamenepo Bishopu watsopano, William Tozer, anacotsa misyoni, poyamba kunka ku phiri la Morambala, ndi mu 1864 ku Zanzibar.

Chuma anakhala pakati pa zimenezi ali wosabatizidwa. Aphunzitsi ace onse anali obatizidwa, koma malungo sanawalambalale. Cotero mnyamatayo sakadayesa ubatizo mankhwala, popeza manda a obatizidwa anali pakhomo pomwe.

Mu 1864 Livingstone anaoloka nyanja yaikuru pa sitima yaing'ono ya Lady Nyassa kunka ku Bombay, m'dziko la India, mzinda umene lero uchedwa Mumbai. Anatenga Chuma ndi mnzace Wekotani, ndiponso munthu wina wa ku Shupanga pa Zambezi, dzina lace Abdullah Susi. Anyamata awiriwo anawasiya pa sukulu ya Dr. John Wilson, ndipo mu December 1865 anabatizidwa komweko, Chuma nalandira dzina la James. Zinali zitapita zaka 4 cimasulidwire m'goli. Susi sanabatizidwe pamenepo.

Kodi madziwo anampatsa ciani Chuma? Sanampatse mpumulo iai. Mu 1866 anabwera ku Africa ndi Livingstone, nayamba ulendo wa zaka 7 wa njala, zilonda ndi madambo. Wekotani anatsala kwa Mponda, kumwera kwa nyanja yathu, ndipo Livingstone anamlola. Ambiri anathawa panjira, koma Chuma ndi Susi anali naye pamene anamwalira pa mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia, pa 1 May 1873. Mtima wace anaukwirira patsinde pa mtengo, Jacob Wainwright nawerenga mau a maliro. Thupi analiumika ndi mcere ndi dzuwa, nalikulunga, nalisenza kunka kugombe. Ku Unyanyembe Azungu ena anawauza kuti aliike pomwepo, koma iwo anakana, nafika nalo ku Bagamoyo mu February 1874, atayenda miyezi 9. Panalibe bwana wakuwalamulira, kapena kapitao wakuwakwapula.

Tsono penyani Susi. Mbiri yace inamveka kufikira ku England, kumene anapita ndi Chuma mu 1874 kukathandiza Horace Waller, mmodzi wa amisyoni akale a kwa Chibisa, kukonza mabuku a ulendo a Livingstone. Kukadakhala kuti nchito zabwino zilowa m'malo mwa ubatizo, munthu uyu sakadausowa. Koma mu 1886, zitapita zaka 13 cifere Livingstone, Susi anabatizidwa ndi a Universities' Mission, amene anali kuwatsogolera maulendo ao, natenga dzina la David. Munthu wamkuru amene analamulira amtengatenga ambiri anaweramitsa mutu wace monga mwana wa sukulu. Chuma anamwalira mu 1882, ndi Susi mu 1891, onse awiri ku Zanzibar.

Mmodzi anayamba ndi ubatizo, nchito nizitsata. Mnzace anayamba ndi nchito, natsiriza ndi ubatizo. Kwa Chuma madzi sanali citsiriziro ca kumvera, koma ciyambi cace. Kwa Susi kukhulupirika kwace kwa munthu sikunacotse mangawa ace kwa Mulungu.

Malembo atiphunzitsa comweco. Ambuye Yesu analibe cimo lakulisamba, ndipo Yohane anafuna kumletsa pa Yordano. Koma Iye anatsikira m'madzi cifukwa cinali cifuniro ca Atate wace. Atauka kwa akufa analamulira ophunzira ace kuti abatize anthu a mitundu yonse, ndi kuwaphunzitsa kusunga zonse anawalamulira. Ubatizo ndi kusunga malamulo ace anazimanga mtolo umodzi. Korneliyo anali munthu wopemphera ndi wopatsa aumphawi, koma anabatizidwa ndithu. Simoni wamatsenga wa ku Samariya anabatizidwa, koma pofuna kugula mphamvu ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamdzudzula kuti mtima wace sunali woongoka.

Amisyoni atacoka kwa Chibisa, cigwa cino cinakhala zaka zambiri copanda sukulu kapena kacisi. A South Africa General Mission anafika ku Lulwe mu 1900. Lero mipingo yafalikira kuyambira Chikwawa kufikira Marka, ndipo ubatizo suli wosowa. Cosowa ndico kumvera.

Cifukwa cace, aphunzitsi, musafulumire kulemba maina kuti kalasi lanu lioneke lalikuru pamaso pa mbusa. Wofuna ubatizo mfunseni, osati mayankho a katekisimu okha, komanso ici: Kodi mau a Kristu akadzatsutsana ndi cifuniro cako, kapena ca abale ako, udzamvera yani? Ndipo nkhalamba yamakhalidwe abwino imene ikhala kumbuyo kwa kacisi zaka ndi zaka, musaitonze iai. Pitani kwao madzulo, khalani nayo pamphasa, muiuze za Susi. Inunso obatizidwa kale, kumbukirani kuti tsiku lija munalonjeza. Ndipo lonjezolo liyesedwa m'munda, pa dooko, pa maliro ndi pa mlandu, masiku onse a moyo wanu.