Za Moto wa Asodzi a Usipa pa Nyanja ya Malawi

Munthu amene aima pagombe la Nkhata Bay kapena la Msaka usiku wa mdima bii, naona nyali zitandanda pamadzi kufikira polekezera maso, akhoza kuyesa kuti pakati pa nyanja pamangidwa mudzi. Koma amenewo ndiwo asodzi a usipa, ndipo ntchito yaoyo, chinkana zipangizo zake n'za lero, inayamba makolo athu asanamve fungo la palafini. Kumanenedwa kuti David Livingstone, amene anafika panyanjayi m'chaka cha 1859, anaitcha nyanja ya nyenyezi chifukwa cha moto wa asodzi womwewu.

Moto wa masiku amenewo unali wa miuni. Dzuwa likapendeka, anthu ankamweta udzu wouma ndi bango, nazimanga m'mitolo yaitali, ndipo mdima utagwira, mmodzi ankayatsa muuni kumutu kwa bwato, mnzake ali tcheru ndi kaukonde kotungira kamene a kumpoto amakatcha pyasa, koluka ndi ulusi wopota pantchafu kuchokera ku makungwa a zitsamba. Tizilombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso timasonkhana pamene pawala, usipa nutsata chakudya chakecho, nudzaza pansi pa bwato. Koma muuni suchedwa kunyeka, kotero kuti msodzi sankatalikira gombe, ndipo mitolo ikatha ankabwerera kukagona, wapha kapena sanaphe. Chinthu chimene tiyenera kuchisunga mumtima n'chakuti udzu sunali wogula: aliyense wokhala ndi chikwakwa, bwato ndi mbale wake womupalasira anali mwini wa usodzi wake.

Zinthu zinatembenuka m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945, pamene m'masitolo munayamba kupezeka ulusi wa nayiloni ndi nyali zopopa za Tilley. Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma, amene anali akatswiri a khoka la chilimira, anatsika nalo kumwera kufikira magombe a Mangochi, ndipo khokalo litakumana ndi nyaliyo panabadwa usodzi umene lero utchedwa kauni.

M'kauni muli munthu mmodzi amene ine ndimuyesa wamkulu koposa onse, ndiye siginala. Iyeyu amapalasa yekha kabwato kake, nyali zitamangidwa pathabwa, nakhala maola ambiri pamadzi akuya, akupopa nyali ikafooka, akutokosa kabowo ka mafuta ndi kasingano mwaye ukatseka, akutchinjiriza kansalu koyaka kaja kamene kamafumbutuka ngakhale ndi dontho limodzi la madzi. Ndipo pokhapokha ataona kuti pansi pachita bii ndi nsomba, ndi kuti mafunde a pansi akukokera mbali yoyenera, m'pamene amaitana anzake a m'mabwato awiri kuti aponye chilimira momuzinga. Akafulumira, khoka lituluka lopanda kanthu. Akachedwa, usipa ubalalika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo n'chifukwa chake pogawana phindu siginala amalandira gawo loposa la okoka, eni makoka namalimbirana siginala wodziwa monga alimbirana sing'anga.

Komatu walira mvula walira matope. Nyali, palafini wa usiku uliwonse, khoka lalikulu, ndipo pambuyo pake injini ndi petulo, zonsezi zinafuna chuma chimene mwana wa m'mudzi analibe, kotero kuti pagombe panaoneka mitundu iwiri ya anthu: mwini zipangizo, amene kawirikawiri amagona kunyumba, ndi alovi pafupifupi 10 amene amachezera kukoka zingwe, nalandira chotsala mwiniyo atayamba wachotsa za mafuta. Ena anasokerera neti ya udzudzu pathumba la khoka, nayamba kukokolola ndi bonya yemwe, usipa usanakule. Masiku ano Tilley nayenso wagonja kwa mababu oyaka ndi batire lotchajidwa ndi dzuwa, amene saopa mphepo kapena madzi, ndipo awala koposa. Awa apeputsa mtengo wa kuunika, koma khoka ndi injini zikali za mwini.

Pa zonsezi, chimene sichinasunthike ndicho ulamuliro wa mwezi, umene Mlengi anauika kuti uyang'anire usiku. Ukakhala wathunthu, kuwala kwake kumafalikira nyanja yonse, usipa nuleka kusamala nyali ya munthu, ikhale ya udzu, ya palafini kapena ya batire. Pamenepo, monganso mwera ukakalipa m'miyezi ya June ndi July, mabwato amakokeredwa pamchenga, alovi nasoka makoka kapena kupita kukaona mabanja ao, matandala oyanikapo nsomba nakhala opanda kanthu, ndipo amayi a ku Limbe ndi ku Lilongwe amapeza kuti mulu wa usipa pamsika wachepa pamene mtengo wake uli womwe uja.