Za Aphunzitsi a Kusambira: Mbiri ya Soichi Sakamoto

Pamene munthu apambana anzace pa liwiro, pa kulumpha kapena pa kusambira, dzina lace limamveka kutali, ndipo anthu amalichula m'misika ndi m'mabwalo. Koma kawirikawiri palibe wofunsa kuti, Nanga anamphunzitsa ndani? M'nkhani ino tifuna kulemba za aphunzitsi a kusambira kwa makani, kumene anacokera ndi umo anagwirira nchito yao. Makamaka tidzanena za mmodzi wa iwo, dzina lace Soichi Sakamoto, amene anaphunzitsa ana a anthu aganyu m'ngalande za m'munda wa nzimbe.

Poyamba tifotokoze za makaniwo. Kusambira kumene tizolowera ife nkwa kuoloka mtsinje, kapena kwa ana osewera padooko. Kwa makani nkwina. Amamanga thamanda la miyala, utali wace mamita 50, naligawa ndi zingwe kuti munthu ali yense akhale ndi mpata wace, ndipo nthawi ya wosambira amaiyesa ndi wochi. Makani akuru koposa onse ndiwo a masewera ochedwa Olympic, amene anayambanso mu 1896 mu mzinda wa Athens, ndipo mitundu ya anthu imasonkhanako kamodzi pa zaka zinai. Tsono wosambira ali ndi bvuto limodzi: nkhope yace iri m'madzi, sangathe kuona umo dzanja lace lilowera, kapena umo miyendo yace imenyera. Asowa munthu wina woima pamtunda kuti akhale maso ace. Nchito yonse ya mphunzitsi wa kusambira yagona pamenepa.

Ife tikadayesa kuti mphunzitsi wotere ayenera kukhala munthu amene kale anapambana onse m'madzi. Ena analidi otero. James Counsilman wa ku America anali wosambira wochuka pa unyamata wace, nayendetsa ndege ya nkhondo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo pambuyo pace anaphunzitsa Mark Spitz, amene analandira mendulo 7 za golidi ku Munich mu 1972. Koma ambiri analowa nchitoyi ndi khomo lina. Robert Kiphuth anafika pa sukulu yaikuru ya Yale mu 1914 monga wophunzitsa masewera olimbitsa thupi cabe, wosaphunzira iye mwini pa sukulu yaikuru iri yonse. Atampatsa gulu la osambira mu 1918, anakhala nalo kufikira 1959. Ndipo pa makani a gulu ndi gulu anapambana ka 528, nagonja ka 12 kokha. Munthuyu ankabvala cipewa ca otibira, natsikira pansi pa thamanda kuti aone manja a anyamata ace ali cidutsire pamwamba pace. Cimene anaposa naco anzace ndico kupenyetsetsa. Ndipo Sakamoto anali wa mtundu womwewo, kungoti iye analibe ngakhale thamandalo.

Pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific pali zisumbu zochedwa Hawaii, zimene dziko la America linatenga mu 1898. Cimodzi ca izo ndico Maui. Kumeneko kunali minda yaikuru ya nzimbe ya makampani, ndipo popeza anchito anali kucepa, eni mindayo anaitana anthu a ku China, Portugal, Japan ndi Philippines. A ku Japan anayamba kufika ocuruka mu 1885. Anthuwa anakhala m'makomboni, mtundu uli wonse padera, monga tiona pa minda ya tiyi. Ndipo makapitao okwera pa akavalo anali kuwayang'anira. Mwana wobadwira m'komboni ankadziwa ciyambire ubwana wace kuti akakula adzatenga cikwanje ca atate wace nadzalowa m'nzimbe. Njira yina inali yosaoneka.

Nzimbe zimamwa madzi ambiri. Cifukwa cace makampani anakumba ngalande zazitali zotenga madzi ku mapiri a mvula yambiri ndi kuwatsitsira ku cigwa kumene kunali minda. Masana dzuwa likatentha, ana a m'makomboni ankalumphira m'ngalandemo. Koma kunali koletsedwa, ndipo kapitao akawapeza ankawapirikitsa.

Soichi Sakamoto anabadwa pa Maui pomwepo mu 1906, mwana wa makolo ocokera ku Japan. Atakula anakhala mphunzitsi wa za cilengedwe pa sukulu ya ana ya pa Puunene, mudzi wa kampani ya nzimbe, nakhalanso mtsogoleri wa Masikauti. Kusambira ankangokudziwa pang'ono, kokwanira kudzipulumutsa; makani sanalowepo konse. Koma poona ana a m'kalasi mwace alikuthawa kapitao, anapita kwa akuru a kampani napempha kuti awalole kusamba m'ngalande, iye mwini adzaima pomwepo ndi kuwayang'anira. Anambvomera.

Pamenepo inayamba nchito imene iye sanaifune poyamba. Tsiku ndi tsiku sukulu itaweruka ankayenda m'mbali mwa ngalande, ana ali m'madzi. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Popeza analibe luso lace la iye mwini loti aonetse anawo, anangopenya ndi kufunsa mumtima mwace monga afunsa munthu wa za cilengedwe: Bwanji uyu apita msanga, ndi uyo atsalira, ngakhale mphamvu zao ziri zolingana? Anaona kuti madzi oyenda sanama. Mwana akasambira cokwera, molimbana ndi madzi, dzanja losagwira bwino limaonekera pomwepo, pakuti madzi amambweza m'mbuyo. Akasambira cotsika, thupi limazolowera liwiro limene silikadalipeza pa madzi oima. Cotero anawakonzera maphunziro: kukwera mtunda wakuti ndi mphamvu zonse, kupuma pang'ono, kutsika mwa liwiro, ndi kubwerezanso kambiri. Kaphunzitsidwe kotere, kosinthanitsa nchito yolimba ndi kupuma kwakufupi, ndiko kamene osambira a makani atsata lero pa dziko lonse; koma masiku amenewo kanali kacilendo pa kusambira.

Masiku omwewo mbiri ya kusambira inali pa dziko la Japan. Pa masewera a Olympic a ku Los Angeles mu 1932, amuna a ku Japan anapambana makani 5 mwa makani 6. Ndipo kunamveka kuti masewera a 1940 adzacitikira ku Tokyo. Mu 1937 Sakamoto anasonkhanitsa ana ace nawauza mau amene anthu ambiri anawayesa misala: kuti akampatsa zaka zitatu, ena a iwo adzasambirira dziko la America pa masewera amenewo. Gululo analicha Three-Year Swim Club, ndiko kunena gulu la kusambira la zaka zitatu. Wolowamo ali yense analonjeza kufika pa maphunziro masiku onse, kusasuta fodya, kusamwa mowa, kusacita juga, kusatukwana, ndi kumvera makolo ndi mphunzitsi kufikira zaka zitatu zitatha. Analandira anyamata ndi asungwana omwe.

Tiganizire kulemera kwa lonjezo limeneli. Anawo anali a m'nyumba zosauka, m'mene mphamvu ya mnyamata inali ndarama ya cakudya. Ora liri lonse la m'madzi linali ora locotsedwa pa nchito ya pakhomo. Sakamoto nayenso sanalandire malipiro apadera; m'mawa anali m'kalasi, madzulo pa madzi. Pambuyo pace kampani inamanga thamanda pa komboni imodzi, ndipo maphunziro anasamukira komweko. Koma kaphunzitsidwe kanakhala ka m'ngalande kamene kaja.

Zipatso sizinacedwe. Mu 1939 anaoloka nyanja ndi anyamata ocepa kunka ku Detroit, ku makani a dziko lonse la America, kumene kunali magulu a sukulu zazikuru ndi a anthu olemera. Ndipo ana a m'nzimbe anapambana onsewo. Anateronso mu 1940 ndi mu 1941. Maina a Keo Nakama, wa mitunda yaitali, ndi Takashi Hirose, wa liwiro, anamveka ponse ponse. Ndipo msungwana Fujiko Katsutani anapambana akazi onse a dzikolo pa kusambira kwa cule. Mnyamata wina wa ku Honolulu, Bill Smith, atamva mbiriyo anasamukira ku Maui kuti aphunzire kwa Sakamoto. Pofika 1940 panalibenso wokaika kuti ena a gululi akadasankhidwa kunka ku Olympic.

Koma masewerawo sanacitike. Japan anali pa nkhondo ndi China ciyambire 1937, ndipo mu 1938 anabweza masewerawo. Anawasamutsira ku Helsinki, koma nkhondo inabuka ku Ulaya mu 1939, ndipo analephereka kumenekonso. A 1944 nawonso anafa momwemo. Pa 7 December 1941 ndege za Japan zinaononga zombo za America pa dooko la Pearl Harbor, m'zisumbu za Hawaii momwemo, ndipo ana a makolo ocokera ku Japan anayamba kupenyedwa ndi diso la cikaiko m'dziko lobadwira. Gulu linabalalika. Hirose ndi anzace ena analowa usilikari wa America namenya nkhondo ku Ulaya. Nakama sanaloledwe usilikari, napita ku sukulu yaikuru ya Ohio State, kumene anapambana makani ambiri. Koma mphamvu ya wosambira iri ngati nyengo ya dzinja, siilinda munthu. Zaka zimene Nakama ndi Hirose anali pa msinkhu wao weni weni ndizo zimene kunalibe Olympic, ndipo onse awiri sanafikeko konse.

Apa tiyenera kunena zoona: lonjezo la zaka zitatu silinakwaniridwe monga linanenedwa. Mphunzitsi anatenga ubwana wa anawo, ndipo cimene anawalonjeza cinatengedwa ndi mafumu a kutali amene sanamve konse dzina la Puunene. Munthu wina akadaleka pomwepo ndi mtima wowawa. Sakamoto sanaleke. Nkhondo itatha anasamukira ku Honolulu, nakhala mphunzitsi wa kusambira pa sukulu yaikuru ya Hawaii kuyambira 1946 kufikira 1961, nayambanso ndi ana atsopano.

Mu 1948 masewera a Olympic anacitika ku London, ndipo mtsogoleri wa osambira amuna a America anali Kiphuth uja tamchula poyamba. Bill Smith, ali ndi zaka 24, atabwera ku usilikari wa pa nyanja ndi kukonzedwanso ndi Sakamoto, anapambana makani a mamita 400, nalandiranso mendulo yaciwiri ya golidi pa makani olandizana a anthu anai. Zaka zitatu zija zinasanduka zaka 11. Ndipo mu 1952 ku Helsinki, ophunzira ena a Sakamoto anaonjeza: Evelyn Kawamoto analandira mendulo ziwiri za mkuwa, ndi Bill Woolsey ya golidi pa makani olandizana. Sakamoto mwini anakhala mmodzi wa othandiza aphunzitsi a gulu la America mu 1952 ndi mu 1956.

Nanga iwo amene nthawi inawapitirira anatsala ndi ciani? Ambiri sanabwerere ku cikwanje. Kusambira kunawatsegulira makomo a sukulu zazikuru zimene atate ao sakadatha kulipira, ndipo ena anakhala aphunzitsi iwo eni. Nakama anali mmodzi wa amenewa. Mu 1961, ali ndi zaka 41, analowa m'nyanja pa cisumbu ca Molokai usiku, nasambira maora 15 ndi theka, mtunda woposa mamailo 25, m'madzi a mafunde ndi nsomba zoopsya, kufikira anaponda mcenga wa cisumbu ca Oahu, khamu la anthu likumlinda pagombe. Panalibe mendulo ya Olympic tsiku limenelo. Koma kupirira kumene anaphunzira pokwera ngalande ali mwana kunaoneka poyera.

Tikayang'ana mbiri ya anthu awa tiona cinthu cimodzi. Luso la kucita ndi luso la kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri, ndipo sizikhala mwa munthu mmodzi nthawi zonse. Counsilman anali nazo zonse. Koma naye anachuka cifukwa ca kujambula osambira pansi pa madzi ndi kulemba zimene anaona, m'buku lace la 1968. Kiphuth anatsika ndi cipewa ca otibira. Sakamoto anayenda pamtunda ndi wochi m'dzanja. Onse atatu anakana kungobwereza zimene anamva kwa akale, nafuna kuona ndi maso ao cimene madzi acita ndi dzanja la munthu. Ndipo Sakamoto anapenyanso cina, cimene akuru a kampani ndi makapitao ao sanacipenye, ngakhale ankadutsa pa ngalande yomweyo tsiku ndi tsiku: iwo anaona ana osamvera oyenera kupirikitsidwa, iye anaona osambira.

Sakamoto anamwalira mu 1997, ali nkhalamba ya zaka zoposa 90. Kampani ya nzimbe ya pa Puunene inadula nzimbe zace zotsiriza mu 2016, ndipo makomboni aja anapasuka kale. Koma mu mzinda wa Wailuku, pa Maui pomwepo, pali thamanda la makani lochedwa ndi dzina la mphunzitsi ameneyu, amene mwini wace sanapikisanepo m'madzi ndi munthu ali yense.