Goli ndi Cishango m'Zithunzi za Kale

Pamene ndinali mwana wa sukulu kufupi ndi Fort Jameson, amene lero tichula Chipata, mphunzitsi wathu anationetsa cithunzi ca anthu oyenda pa mzera, amuna ali ndi magoli m'khosi, akazi ndi ana atamangidwa zingwe, ndipo pambali pao pali kuyenda anthu a mfuti. Cithunzico cinacokera m'buku la David Livingstone ndi mbale wace Charles, la caka ca 1865. Cionetsa akapolo amene Livingstone anakomana nao pa mudzi wa Mbame, ku mapiri a Shire, mu 1861, ali pa ulendo wa ku Tete. Tsiku lija anamasula anthu 84.

Zithunzi zotere anali kuzizokota pa thabwa ku London, nazisindikiza zambirimbiri. Wozokotayo sanaponde konse dziko lathu. Tsono anasankha zinthu zimene Mngelezi angazindikire msanga. Goli linali kunena kuti anthu awa alibe wowapulumutsa. Cishango ndi mkondo, monga m'zithunzi za nkhondo ya Azulu ya 1879 m'nyuzi ya Illustrated London News, zinali kunena kuti anthu awa ngaukali, afunika kuwagonjetsa.

Sindinena kuti zonse zinali bodza ai. Agogo anga akazi, Mcewa, anali kunjenjemera akakumbuka zishango za Angoni, ndipo goli analiona ndi maso ao. Koma cifundo cimene zithunzizo zinautsa ku Ulaya ndico cinalambulanso njira ya mfuti.

Mu January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika m'dziko la Mpezeni ndi mfuti za Maxim, pakuti a kampani ya North Charterland anali kuyembekeza kupeza golide kuno. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera nkhondo, nagonja. Mu February anamuombera mfuti. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nc'wala inaleka kufikira 1980.

Nditawasimbira agogo anga amuna, Mngoni, za cithunzi ca magoli cija, anakhala cete kanthawi, nafwenkha fodya wao. Pambuyo pace anandifunsa kuti, “Kodi m'bukumo muli cithunzi ca ng'ombe za atate wanga ziri kupita ku boma?”

M'mawa mwace ndinapempha bukulo kwa mphunzitsi, ndi kulifunafuna tsamba ndi tsamba. Munalibe.