Koko wa ku São Tomé ndi Malamulo a Amalonda

Ife tidziwa kuti wamalonda ayesedwa ndi miyeso iwiri: lamulo la boma, ndi lamulo la mumtima mwache. Mbiri ya koko itionetsa kuti mitundu ya anthu sikhulupirira muyeso umodzi, ndi kuti yonse iwiri ikhoza kupotozedwa.

Kumadzulo kwa Afrika kuli chisumbu cha São Tomé, chimene masiku aja chinali m'manja mwa Apwitikizi. Kumeneko analima koko, mbeu imene apangira chokoleti, ndipo olima ache anatengedwa ku Angola. Lamulo la Apwitikizi silinawacha akapolo iai, pakuti ukapolo anali atauletsa kale. Linawacha antchito a pangano la zaka 5. Komatu ambiri anatsikira ku gombe ali omangidwa, ndipo zakazo zitatha, pangano linangolembedwanso, osabwerera iwo kwao. Pa kalata zonse zinali zolungama.

Tsono ku England kunali a Cadbury, Akristu a mpingo wa Quaker, umene unamveka ndi kudana nao ukapolo. Iwo sanayembekeza lamulo kuti amangire antchito ao mudzi wokoma wa Bournville. Koma pafupifupi theka la koko wao analigula ku São Tomé. M'chaka cha 1901 anaona kalata yotsatsa munda wina wa kumeneko, ndipo pakati pa katundu wache munalembedwa anthu 200. William Cadbury ananka ku Lisbon mu 1903, napatsidwa malonjezo. Mu 1905 anatuma Joseph Burtt akazonde, nabwera iye mu 1907 ndi umboni wakuti unali ukapolo ndithu. Koma kuleka kugula analeka mu 1909, pamodzi ndi a Fry ndi a Rowntree.

Zaka 8, abale! Iwo anati mau a wogula wamkulu amveka, koma wochokeratu samvedwanso. Sitikana kuti m'mauwo muli nzeru. Koma tionanso kuti analeka atayamba kale kupeza koko wina ku Gold Coast, dziko lija lichedwa Ghana lero lino. Apwitikizi nao, poyankha, analoza chala ku migodi ya Angerezi ku Transvaal.

Nyuzipepala ya The Standard itawaneneza chinyengo mu 1908, a Cadbury anaisumira, ndipo mlandu unazengedwa ku Birmingham mu 1909. Unawakomera, koma oweruza anawapatsa chipepeso cha farthing imodzi yokha, ndiyo gawo limodzi la magawo anai a kobiri.